Mwana wanga wakakamira sugar glider, ndimugulire kapena ndisiye?

NaPhiri wa ku Joni:
Moni nonse abale anga, ndithandizeni maganizo mutu waima. Mwana wanga wamkazi akwanitsa zaka 8 mwezi wamawa ndiye wakakamira kuti mphatso yake ikhale kanyama kena kake kotchedwa sugar glider, anakaona pa TikTok pa foni ya msuweni wake ndiye kuyambira tsiku limenelo nyimbo ndi imodzi m'nyumba muno, pakudya sugar glider, pokagona sugar glider, mpaka wakajambula papepala wamata pa fuliji. Amene simukadziwa, ndi kanyama kotuwa ngati gologolo wamng'ono, maso akuluakulu akuda bii, mzere wakuda kuchokera pamphumi kutsika kumsana, ndiye kakatambasula miyendo kamakhala ngati kafunda chitenje n'kuuluka kuchoka pa kabati kukatera padzanja pa munthu. Kukongola kokha sindikana. Ndapeza munthu akugulitsa konkuno, akuti n'kosavuta kuweta, kamangogona m'thumba la malaya tsiku lonse ndipo kamadya zipatso basi. Ife tikukhala mu flat ya zipinda ziwiri, ine ndimachoka 6 koloko kubwera 6 madzulo, bambo ake amayendetsa thiraki nthawi zambiri sakhala pakhomo. Mwanayu ali yekha alibe mng'ono wake ndipo ndimamuona kuti amasungulumwa, n'chifukwa chake mtima ukundiuza kuti ndimugulire. Alipo anawetapo? Kamaluma? N'koyenera mwana wa msinkhu umenewu?

Agogo Nambewe:
Mwana wanga, kodi ameneyu si changa? Masowo ndi a changa ndithu. Kwathu ku Dedza tinkamumva akulira usiku m'mitengo ngati khanda ndipo palibe ankamulowetsa m'nyumba.

Aphunzitsi a ku Zomba:
Agogo si changa ayi ngakhale maso akufanana, onsewa ndi oyenda usiku n'chifukwa chake maso ali choncho. Changa ndi wa kuno ku Africa, m'bale wake wa anyani ndi apusi. Uyu kwawo ndi ku Australia ndi pa chilumba cha New Guinea, ndipo abale ake ndi kangaroo ndi koala, zija zimalera ana m'kathumba ka pamimba. Si gologolonso. Wamkazi amakhala ndi bere masiku pafupifupi 16 okha, kamwana kamabadwa kochepa ngati kanjere ka mpunga, n'kukwawira m'kathumba n'kukhala mmenemo masiku ngati 70 kakuyamwa. Wamkulu salemera n'komwe, magalamu 100 mpaka 160, wamwamuna ndiye amaposako pang'ono. Kuulukako sikuti ali ndi mapiko ngati mleme, ndi chikopa chimene chinachokera pa kachala komaliza ka dzanja mpaka kuphazi, akadumpha pamwamba pa mtengo amachitambasula n'kumayandama mumphepo, ndipo amatha kufika mamita 50 asanatere pa mtengo wina. Ndiye mayi NaPhiri muganizirepo pamenepo, kanyama kolengedwera mamita 50 kali mu flat ya zipinda ziwiri. Zakawetedwe tiwasiyire amene anakhala nako atiuze.

Agogo Nambewe:
Zikomo aphunzitsi, ndaphunzira. Kathumba pamimba ngati mbereko yobadwa nayo.

Achimwene a ku Cape:
Achemwali ine ndinawetapo zaka 4, ndiye mundilole ndilembe zambiri chifukwa nkhaniyi imandiwawabe mpaka lero. Zoti kamagona tsiku lonse wogulitsayo sananame, koma sanakuuzeni chifukwa chake, kamagona masana chifukwa usiku wonse kamakhala maso. Mwana wanu akamabwera ku sukulu 2 koloko ndi chimwemwe kuti akasewere nako ndiye kuti kanyamako kali pakati pa tulo, ndipo kakamadzuka cha m'ma 8 kapena 9 usiku mwana ndiye akusinza mawa sukulu. Sakumana anthu awiriwa. Ine ndinagulira mnyamata wanga ali ndi zaka 9, sabata yoyamba yomwe anabwera ku sukulu n'kupisa dzanja m'kathumba ka nsalu mmene kamagona, kanadzidzimuka n'kuchita phokoso lija kamachita kakaopa, limamveka ngati makina ometera tsitsi akagwira potakata, krrrr krrrr, simungakhulupirire kuti likuchokera m'kanthu kokwana m'manja, kenako kanamuluma chala mpaka magazi. Mano ake awiri a m'munsi ndi aatali osongoka kutsogolo, kutchire amaboolera makungwa a mtengo kuti utomoni utuluke, ndiye chala cha mwana n'chiyani pamenepo. Mnyamata wanga sanakagwirenso. Sindimunena, anali mwana, koma ntchito yonse inagwera ine kuyambira tsiku limenelo.

Ndiye ndinagula kamodzi chifukwa palibe anandiuza kuti tinyamati sitikhala patokha. Patapita miyezi ingapo kanayamba kudya pang'ono, kumangozungulira m'khola njira imodzimodzi, kenako ndinaona kakudziluma mchira mpaka ubweya kuthothoka chilonda kuonekera. Dokotala wa ziweto anandifunsa funso limodzi, kali ndi mnzake? Kutchire timakhala m'magulu, timagona tonse pamodzi mumphako imodzi kufunditsana, ndiye kakakhala kokha kamasokonezeka mutu. Ndinagula kachiwiri, ndinathenetsa kamuna, ndalama zinapita.

Usiku timauwa achemwali. Ngati kagalu kakang'ono, wu wu wu, 2 koloko ya usiku osalekeza, mu flat mnansi wanu adzakugogodani ndithu, ine anandigogoda kawiri. Fungo liliponso makamaka kamuna kosathena, kali ndi kadazi pamphumi ndi pena pachifuwa pamene pamatuluka fungo lodindira malo ake ndi anzake. Chimbudzi sungakaphunzitse ngati mphaka, kakangodzuka kamakodza pamene kali kaya ndi paphewa panu kaya m'tsitsi. Ndipo pakudya kamatafuna chipatso kumwa madzi ake n'kulavula zotsala, khoma la kuseli kwa khola linkachita kumata ndinkapukuta m'mawa uliwonse ndisanapite ku ntchito.

NaPhiri wa ku Joni:
Eish achimwene mwandiopsa. Ndiye kuti tiwiri? Wogulitsayo anandiuza kuti kamodzi ndiye bwino chifukwa kamazolowera mwini wake msanga

Achimwene a ku Cape:
Ameneyo muthaweni achemwali. Munthu wodziwa tinyamati sangakugulitseni kamodzi. Ndipo zoti kamadya zipatso basi ndi zimene zinandiphera kakazi kanga. Ndinkapatsa maapozi, mphesa, chimanga chachiwisi chifukwa tinkachikonda kwambiri, tinkaoneka tonenepa ine n'kumati zili bwino. Tsiku lina madzulo ndinapeza kakazi kali pansi pa khola kakukoka miyendo yakumbuyo, kakuyesa kukwera waya ndi manja okha n'kumagwa. Anakajambula X-ray mafupa onse ofewa, kalisiyamu anali atatha m'thupi. Chakudya chikakhala chochepa kalisiyamu koma chochuluka mchere wina wa m'zakudya wotchedwa phosphorus, ngati chimanga chija, thupi limayamba kuchotsa kalisiyamu m'mafupa, ndipo pamene iwe ukuona chizindikiro zinthu zinaonongeka kale. Tinayesa mankhwala masabata awiri, kanafera m'manja mwanga m'bandakucha. Mwana wanga analira ngakhale sankakagwira. Kamuna ndinakapereka kwa mayi wina amene ali ndi gulu lake chifukwa sikakanatha kukhala kokha. Sindikufuna mudzaone zimene ndinaona.

NaBanda wa ku Pretoria:
Pepani achimwene ndi zimene munakumana nazo, zowawa ndithu. Koma tisamuopseze mayiyu ngati kuti tinyamati ndi mikango. Ine ndili nato tiwiri chaka chachisanu tsopano ndipo ndimatikonda kwambiri, tikakuzolowera timadziwa fungo lako, ukatsegula khola usiku timathamangira padzanja n'kukwera mpaka m'khosi, kamodzi kanga kamakonda kunyambita yogati pachala kakugwira chalacho ndi timanja take tiwiri ngati khanda likugwira botolo. Mwana wanga wamkazi ndi amene anapempha, amatisamala bwino, amavala kathumba ka nsalu m'khosi Loweruka masana akamawerenga ito tili m'tulo mmenemo. Sitinamulumepo zoopsa. Vuto ndi kugula usanaphunzire osati kanyamako.

Achimwene a ku Cape:
Asisi mwana wanuyo ali ndi zaka zingati?

NaBanda wa ku Pretoria:
Pano 17, tinagula ali ndi 13

Achimwene a ku Cape:
Ndiye ndi pamenepo. 13 ndi 8 ndi anthu awiri osiyana. Ndipo ndikufunseni moona, amakonza chakudya usiku uliwonse ndani?

NaBanda wa ku Pretoria:
Mwandigwira pamenepo sindinama, masiku ambiri ndine, makamaka pano ali ndi mayeso. Ndipo ine ndimagwira ntchito ndili pakhomo, nyumba ndi yoima payokha, tili ndi chipinda chimene tinangosiyira tinyamati, khola lake ndi lalitali kufika m'khosi mwanga chifukwa timafuna kukwera osati kuyenda pansi. Ndiye zanga ndi za mayi NaPhiri zikusiyana ndikuvomereza. Koma ndifotokozeko za chakudya kuti amene akuwerenga adziwe kuti njira ilipo. Kutchire timadya utomoni wa mitengo ya bulugamu ndi mitengo ya mtundu wa mthethe, timadzi ta m'maluwa, mungu, ndiponso tizilombo tambiri makamaka nyengo yotentha, dzina loti sugar linachokera pa kukonda zotsekemerako koma sikuti timakhalira shuga. Pakhomo ndimapanga phala lina limene amalitcha Leadbeater's, linayambira kumalo osungira nyama ku Australia komweko, mumalowa uchi, dzira lowiritsa, phala la makanda lija la m'paketi, madzi ofunda, mavitamini ndi kalisiyamu waufa, ndimagaya zonse pamodzi n'kuthira m'mathireyi a ayisi n'kuika mu fiiza, usiku uliwonse ndimasungunula pang'ono. Kuwonjezera apo timphutsi togula ku shopu ya ziweto ndi nkhululu zamoyo, masamba pang'ono, papaya ndiye wabwino kwambiri. M'mawa kuchotsa zotsala zonse nyerere zisanabwere. Tsiku lililonse, Khirisimasi yomwe, ndipo ukafuna kupita kumudzi Disembala uyambe wapeza munthu wodziwa woti atsale nato, si ngati galu woti mnansi angomuponyera nsima.

Mnyamata wa ku Area 25:
Nanga ngumbi ndi ziwala sangadye? Zikanakhala kuno bwenzi chakudya chili chaulere nthawi ya dzinja

NaBanda wa ku Pretoria:
Angadye ndi mtima wonse koma zogwira panja ndimaopa mankhwala opopera m'minda, kathupi kochepa chonchi poizoni pang'ono basi kapita. Chokoleti, anyezi, adyo osayerekeza n'komwe. Ndipo mwana wa zaka 8 amakonda kugawana switi ndi mnzake, pamenepo mpofunika maso.

Nesi wa ku Leeds:
Ndilankhuleko mbali ya thanzi la mwana poti ndi kumene ndimagwira. Kulumako ndi kumodzi, koma zikhadabo zake ndi zakuthwa ngati singano chifukwa n'zokwerera mitengo, kakangoyenda pamkono pamatsala timizere tofiira ndipo ana ena khungu limatupa n'kumayabwa. Chimbudzi chake chikhoza kukhala ndi tizilombo ngati salmonella, munthu wamkulu amakumbukira kusamba m'manja koma mwana amagwira kanyama kenako dzanja lomwelo mu paketi ya tchipisi. Pakhomo pakakhala khanda kapena mwana wosakwana zaka 5 ndiye ine ndimakaniratu. Komanso tisaiwale kuti ngozi ili mbali zonse ziwiri, mwana akachita mantha amafinya kapena kuponya pansi, kanyama ka magalamu 120 kafinyidwe ndi dzanja la mantha, nthiti zimathyoka. Ena amakhala pa sofa osadziwa kuti kalowa kuseli kwa khushoni. Ena amasiya toyileti yosatseka, kakagweramo sikatha kutuluka.

Kuno ku England n'kololedwa kuweta, koma lamulo la Animal Welfare Act la 2006 limati mwana wosakwana zaka 16 sangagulitsidwe chiweto ali yekha, ndipo chiweto cha mwana wotere amene amayankha mlandu chikazunzika ndi kholo. Ine lamulo limeneli ndimaligwirizana nalo chifukwa likunena zoona zenizeni, palibe chiweto cha mwana, chilipo ndi chiweto cha kholo chimene mwana akuthandizira. Ndiye achemwali funso mudzifunse ndi lakuti inuyo NaPhiri mukufuna sugar glider? Mukabwera 6 madzulo mwatopa, kuphika, homuweki ya mwana, kuchapa yunifomu, kenako 9 koloko muyambe kusewera ndi tinyama ola limodzi kapena awiri chifukwa tikapanda kugwiridwa tsiku ndi tsiku timabwerera kukhala tolusa. Mukayankha kuti eya ndi mtima wonse, chabwino. Mukazengereza ndiye yankho mwalipeza.

Aphunzitsi a ku Zomba:
Ndiwonjezere chimodzi chimene sitinachitchule, zaka. Tikasamalidwa bwino timakhala zaka 12 mpaka 15. Mwanayu ali ndi 8, ndiye kuti tidzakhalapobe iye ali ndi zaka 20 kapena 23, atapita ku koleji mwina atakwatiwa kumene. Ine ndaphunzitsa ana a sitandade 3 zaka zambiri, chimene akuchifuna ndi moyo wonse mwezi uno pofika teremu yamawa aiwala, si kuipa mtima ndi mmene ubwana ulili.

NaPhiri wa ku Joni:
Zaka 15!! ine ndimaganiza ngati mbewa zoyera zija zaka ziwiri zitatu. Komanso ife sitikudziwa ngati tikhalitse kuno, bambo ake amakamba zobwerera kumudzi mwana akamaliza pulayimale

Achimwene a ku Cape:
Ndiye pamenepo pali nkhani ina, simungangotinyamula m'chikwama pa basi kudutsa Beitbridge ndi Mwanza ngati katundu, nyama yamoyo imafuna mapepala a dokotala ndi chilolezo cha dziko limene ikulowa. Ngakhale konkuno malamulo a nyama zachilendo amayendera province, kuno ku Western Cape zilolezo zimachokera ku CapeNature, kwanuko ku Gauteng ofesi yake ndi ina, musamvere za wogulitsa zoti palibe pepala lofunika, imbani nokha mufunse. Komanso malamulo a flat yanu muwaone. Ndipo chisanu cha ku Joni cha June ndi July mukuchidziwa, tinyamati tikazizidwa timangoti zii thupi lozizira ngati tafa, mumafunika chipinda chofunda usiku wonse, magetsi akathima muli pa mavuto.

Malume a ku Melbourne:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, ndiyankhuleko monga munthu amene akukhala kwawo kwa tinyamati. Chodabwitsa n'chakuti kuno ku Australia eni ake sakonda kutiweta ngati mmene akuchitira kunja. Kuno ku Victoria n'zotheka koma uyenera kukhala ndi layisensi, pamene ku New South Wales ndi ku Queensland munthu wamba saloledwa kuweta ngati chiweto cha pakhomo. Ku America nakonso California, Alaska ndi Hawaii anakaniza. Ndipo ambiri amene akugulitsidwa m'mayiko akunja makolo awo sanachokere kuno ayi, anachokera ku mbali ya New Guinea imene ili m'manja mwa Indonesia.

Ine ndinawaonapo kutchire kamodzi, tinapita usiku ndi tochi ndi anzanga a kuntchito. Tinaima pansi pa bulugamu wamtali, mitengo yomwe ija tili nayo kumudzi, paja kwawo kwenikweni kwa bulugamu ndi kuno. Tinadikira mwina mphindi 40 kuzizira kukutilowa m'mafupa, kenako kamutu kanasuzumira pa mphako, kena, kena, tinatuluka tinayi motsatizana n'kukwera mpaka kunsonga. Koyamba kanagwedeza mutu uku ndi uku ngati kakuyeza mtunda, n'kudziponya. Abale anga, kanangoti tambasu ngati kampango kotayidwa mumphepo, kopanda phokoso lililonse, n'kukatera pa thunthu la mtengo wina patali poti tochi yathu inkalephera kufika. Kuyambira tsiku limenelo ndikaona vidiyo ya kanyamaka kakudumpha kuchoka pa katani kupita pa sofa mtima umandipweteka. Sindikunyoza asisi a ku Pretoria, zikuoneka kuti amasamala kwambiri, ndikungonena zimene maso anga anaona.

China n'chakuti kakathawa kumalo kosakhala kwawo kakhoza kuononga. Ku Tasmania, chilumba cha konkuno ku Australia, kunalibe tinyamati, anachita kubwera nato anthu m'zaka za m'ma 1800, lero tikudya mazira, anapiye ndi zazikazi zomwe za mbalame ina yotchedwa swift parrot zili pa chisa, mbalameyo yatsala pang'ono kutheratu. N'chifukwa chake maboma amavuta ndi mapepala.

NaBanda wa ku Pretoria:
Malume sindinakhumudwe, ndipo nanenso ndimaziganizira zimenezo. Tanga tinabadwira m'khola sitingathe kukhala kutchire ndiye chimene ndingachite ndi kutipatsa moyo wabwino mmene ndingathere. Koma mutandifunsa ngati ndingadzagulenso tina izi zikadzapita, ndikuganiza kuti ayi.

Mnyamata wa ku Area 25:
Ndiye bwanji osangomupezera changa poti akufanana, ndinaonapo anyamata akugulitsa kamwana ka changa m'mbali mwa msewu

Aphunzitsi a ku Zomba:
Ayi mphwanga zimenezo usayambe. Nyama zakutchire kuno ku Malawi zimatetezedwa ndi lamulo la National Parks and Wildlife Act, kugwira, kugulitsa kapena kusunga popanda chilolezo ndi mlandu. Ndipo kamwana ukukaona m'manja mwa anyamatawo nthawi zambiri ndiye kuti mayi ake aphedwa. Ku Lilongwe Wildlife Centre konko kwanuko amalandira anyani ndi apusi amene anthu ankaweta pa chingwe n'kulephera. Ukagula ndiye kuti ukuwatuma anyamatawo kuti akagwire kena. Ukaona zotere dziwitsa a zanyama zakutchire.

Mnyamata wa ku Area 25:
Ndamva aphunzitsi, sindimadziwa kuti mpaka mlandu

Adimini:
Abale tibwerere kwa mayi NaPhiri, mwana akufunikabe mphatso. Tanena zambiri zoti ayi, nanga eya wake ndi uti?

Mayi a mbira ku Blantyre:
Ine ndimadikira funso limeneli. Achemwali mugulireni mbira ziwiri basi. Tinakula nazo tonse kukhitchini kwa agogo, lero azungu akuzigulitsa m'mashopu a ziweto ndipo ndi zomwe zija. Mbira imakhala maso masana, mwana akabwera ku sukulu n'kutsegula fuliji kapena kukhwakhwaza pepala la pulasitiki zimayamba kuimba wiii wiii kuitanitsa chakudya, mwana amasangalala kuti zikumudziwa. Siikwera makatani, siiuluka, kuluma ndi mwa apo ndi apo ikachita kupwetekedwa, ndi yolemera bwino yoti mwana aikhazike pamiyendo atakhala pansi. Chakudya ndi udzu wouma wambiri nthawi zonse, masamba, ndi za vitamini C tsiku lililonse monga tsabola wobiriwira uja wosawawa chifukwa thupi lake silipanga lokha vitamini ameneyu, ngati ife anthu. Imakhala zaka 5 mpaka 7, ndiye mwana akula nayo mpaka sekondale. Zikhale ziwiri zazikazi zokhazokha, mukasakaniza mudzadzidzimuka khola ladzaza. Mdzukulu wanga wa zaka 7 ndi amene amathira madzi ndi kuthyola masamba, ine ndimakonza khola Lachitatu ndi Loweruka iye akundigwirira tsache. Nayonso ndi ntchito sindikunama, khola likhale lotakata osati kabokosi, koma ndi ntchito yoti mwana akhoza kuigwira nawo ndi manja ake dzuwa likuwala.

Nesi wa ku Leeds:
Ndikugwirizana nazo, kusamba m'manja kokha kusasiyidwe ngakhale ndi mbira. Ndipo achemwali mawu munanena poyamba aja akuti mwana amasungulumwa musawataye, mwina chimene akufuna kwenikweni ndi chinthu chamoyo chomulandira akabwera ku sukulu inu musanafike. Kanyama kogona masana sikangamupatse zimenezo.

Agogo Nambewe:
Mwana osamunamiza kuti zatha ku shopu. Mukhale naye pansi mumuuze zoona kuti kanyamaka kamadwala kakakhala mosayenera, ana amamva chisoni msanga kuposa ife akulu. Akalira mulekeni alire, mumupukute misozi.

NaPhiri wa ku Joni:
Abale ndabweranso, pepani dzulo sindinayankhe. Ndinachita monga ananenera agogo, titatha kudya ndinamukhazika pamiyendo ndinamuwerengera zina mwa zimene mwalemba, makamaka za achimwene a ku Cape za kakazi kaja kankakoka miyendo ndi za malume za tinayi tija tinatuluka mumphako. Analira kwambiri mpaka kunena kuti sindimukonda, anakadzitsekera kuchipinda. Patapita nthawi anatuluka ndi pepala lake lija anachotsa pa fuliji n'kundifunsa kuti amama ndiye kakakhala kokha kamalira usiku ine ndili m'tulo? Ndinati eya. Anakhala chete kenako akuti ndiye kasabwere kangamadzalire. Mtima unandisweka koma ndinanyadira. Za mbira sanavomere kwenikweni, akuti aziona kaye, ndamuonetsa mavidiyo awiri waseka pamene zimaimba zija. Wogulitsa uja ndamuuza kuti sindigula, anayamba kutsitsa mtengo ndangomusiya. Mawa ndikafunsa kwa oyang'anira flat ngati mbira amalola. Chimene wapempha n'chakuti akufuna adzangokaonako kamoyo kamodzi kokha ndi maso ake. Asisi a ku Pretoria kodi zingatheke?

NaBanda wa ku Pretoria:
Bwerani Loweruka likubwerali asisi, ndakulemberani ku inbox. Mufike cha m'ma 7 tidye limodzi kaye chifukwa tinyamati sitidzuka mpaka mdima utagwira bwino, mwana agoneko masana kuti asadzasinze. Musadzole perefyumu nonse awiri fungo lachilendo timadana nalo, ndipo avale juzi ya manja aatali chifukwa cha zikhadabo zija. Adzakhala pansi mu tenti imene timaseweretsamo, manja pamiyendo, tinyamati tidzabwera tokha kudzamununkhiza. Ndimusungira timphutsi tingapo kuti adzadyetse yekha ngati sachita nato mantha.